Mipando ya Lamulungu ku Laibulale

Tsiku la Miracle linkadzaza ngati takisi ya ku Benoni m'mawa wa Lolemba, yoti anthu apanikizana kale koma dalaivala akuitanabe ena. Kudzuka kusanayere, kutunga madzi pampopi anzake a payadi asanandande ndi zidebe, kusambitsa mwana wake Dalitso, kumudyetsa phala, kunyika yunifolomu ya mwamuna wake Edgar amene ankafika m'mamawa kuchokera ku ulonda ku Isando, kukasiya mwana kwa agogo ena a Chisuthu a pakona, kenako liwiro la kutakisi. Kwa madamu ku Benoni kunali zakezake: kusesa, kukolopa, kusita malaya a bwana, kupukuta mawindo, ngakhale kusambitsa galu. Akafika ku Etwatwa kumene ankakhala, dzuwa litapendeka, ankadzera pa spaza, kagolosale kam'dera, kugula buledi ndi tomato, n'kuyambanso za m'nyumba mwake. Mabuku ankabwera pomalizira, ndipo pomalizira pake sipankatsala kanthu.

Sukulu anaisiyira Fomu 3 ku Ntcheu, chaka chimene bambo ake anamwalira. Atabwera ku Joni anaitolanso pang'onopang'ono, ngati munthu wokunkha m'munda mwa eni, mpaka anamaliza mayeso a akuluakulu. Ndiye analembetsa ku yunivesite ina yophunzitsa anthu ali kwawo, kuti apeze satifiketi ya uphunzitsi wa mkombaphala. Maphunziro onse anawagwetsa kupatula limodzi, la kakulidwe ka maganizo a mwana. Limenelo linamugwetsa iyeyo chaka chatha. Akalepheranso, malamulo akumeneko ankati ayambirenso pachiyambi, ndipo Miracle ankadzidziwa yekha kuti mphamvu zoyambiranso analibe.

Mutu anali nawo. Chimene analibe ndi malo. Ankakhala m'chipinda chimodzi cha malata kuseri kwa nyumba ya eni ake, khoma limodzi ndi shabini. Loweruka ndi Lamulungu malata ankanjenjemera ndi nyimbo mpaka masupuni kulira m'kapu. Tebulo linali limodzi, lomwelo lodulirapo anyezi. Yunivesite ija inali ndi nthambi ku Daveyton, yokhala ndi laibulale yabwino, mipando yofewa, makompyuta, ndi buku lalikulu la phunziro lake lomwe salola kutuluka nalo. Koma inkatsegula mkati mwa sabata mokha, n'kutseka nthawi imene Miracle ankakhala akuanula zovala za madamu.

Ndiye kunamveka kuti ophunzira adandaula, ndipo akuluakulu avomera kuyesa kutsegula Lamulungu, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Miracle sanafunse munthu. Lamulungu loyamba anasiya Dalitso m'manja mwa bambo ake, kutchalitchi osapita, ulendo wa ku Daveyton.

Pachipata anapeza mlonda wamtali, wa ndevu zosamalidwa bwino. Ataona dzina pakhadi lake, mlondayo anasiya Chizulu.

"Achemwali, kwanu n'kuti?"

"Ku Ntcheu. Nanga inu?"

"Ku Mangochi. Ndine Zuberi. Lamulungu anzanga onse amathawa, amati akukapemphera. Ine langa ndi Lachisanu, ndiye andiponya kuno. Lowani, mipando ikulira anthu."

Sananame. M'chipinda chachikulu chija munali anthu oti ungawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Miracle anakhala pafupi ndi windo, natsegula buku lija. Kunali zii, moti ankamva tsamba likutembenuka patebulo la munthu wina. Zimene zinamukanika miyezi yonse ku Etwatwa zinayamba kulowa ngati madzi m'dothi louma. Pobwerera ankayenda ngati wadya kuukwati.

Lamulungu lachiwiri anthu anali omwewo. Masana anaona mkulu wa laibulaleyo, Mayi Nadia, Mmwenye wa ku Actonville wa magalasi olendewera pachifuwa, ataima pakati pa chipinda akuyang'ana mipando milomo itatsekeka. Miracle anawayandikira, nawafunsa m'Chingerezi.

"Mama, mukuyang'ana mipandoyi ngati mukufuna kuigulitsa. Kwagwanji?"

"Anandipatsa milungu yochepa yoyesera," anatero Mayi Nadia. "Mlonda, magetsi, ine ndemwe, zonsezi zimadya. Mipando ikapanda kufika ngakhale theka, kumapeto kwa mwezi uno titseka. Amene ankafuula kuti titsegule ndi a mkati mwa sabata. Lamulungu ali mtulo."

Mayeso a Miracle anali mwezi winawo.

Anafika kunyumba n'kupeza Edgar atagona chagada, Dalitso akumukwera pamimba ngati phiri. Miracle ankangozungulira m'chipindamo, kunyamula ichi, kusiya icho.

"Amake Dali, mukuyendayenda ngati nkhuku yofuna kuikira. Chavuta n'chiyani?"

"Akufuna anthu, bambo a Dali. Anthu okhala pamipando basi."

"Ndiye mukawagula ku spaza?"

"Anthu ndili nawo. Amayi a kutchalitchi amakhala phee m'mawa wonse abusa akuzungulira vesi limodzi. Angalephere kukhala pampando wofewa?"

Edgar anaseka mpaka mwana anagwera pambali.

"Amayi a mvano, chete? Tsiku limenelo mundidzutse ndidzaonere."

Mpingo wawo wa Amalawi unkasonkhana m'kalasi ya sukulu ina ya pulayimale, kungodumpha msewu kuchokera ku laibulale. Miracle analemba pagulu la amayi la pafoni: akatuluka m'mapemphero Lamulungu likubwerali, adzere ku laibulale, adzangokhala pamipando kanthawi kuti eni ake aone kuti anthu alipo. Mnzake Clara, wa pakamwa pakuthwa, anayankha kuti nkhosa yotayika yakumbukira khola chifukwa yasowa ubweya. Koma mkulu wa amayiwo, Mayi Jennet, wobadwira ku Zimbabwe mwa makolo a ku Dedza, anangoti, "Tibwera, mwanangu." Miracle anaona kuti nkhani yatha. Zoti awauze kuti laibulale ndi malo otani sizinamubwerere n'komwe, poti iye anali atazolowera.

Lamulungu lija anali mkati mwa mutu wovuta pamene anamva mawu pakhomo.

"Odi. Odi kuno."

Anatukula mutu. Pakhomo panali amayi ambiri ndithu, mabulauzi oyera, maduku oyera, zitenje zofanana, Mayi Jennet patsogolo atanyamula beseni lovindikira ndi nsalu. Lamulo la pachipata linali lakuti wopanda khadi la yunivesite asalowe. Koma mwana wa ku Mangochi angauze bwanji mayi wa msinkhu wa mayi ake kuti onetsani khadi? Zuberi anali atatsegula chipata chonse, n'kuwaperekeza ndi manja awiri.

Poona kuti palibe wayankha odi, amayi aja analowa mwaulemu, mawondo opindika pang'ono, nakhala pamipando. Miracle anapuma. Mipando inadzaza bwino lomwe. Koma iwo sanakhale kuti awerenge. Anakhala monga amakhalira mlendo aliyense wakwathu: manja pamiyendo, kudikira eni nyumba kuti adzawapatse moni. Anadikira. Mnyamata wina anatukula mutu, nabwezanso. Mtsikana wina anakankhira chikwama chake kutali. Moni osabwera.

"Ana a kuno analeredwa ndi ndani?" ananong'ona Clara, kunong'ona komveka mpaka kumakompyuta.

"Asiyeni," anatero Mayi Jennet. "Mwana akapanda mwambo, wamkulu sataya wake."

Anaimirira, nayamba tebulo loyamba. Dzanja lamanja kutsogolo, lamanzere litagwira chigongono. "Muli bwanji, bambo? Kunyumba ali bwanji?" Mnyamatayo anachotsa zomvera m'makutu, napereka dzanja ngati munthu wogwidwa ndi apolisi. Amayi ena onse ananyamuka kutsatira mkulu wawo, poti moni sapereka mmodzi ena akuonerera. Mzere woyera unayenda tebulo ndi tebulo, aliyense kugwirana chanza ndi aliyense. Wophunzira wina anayamba kuseka. Wina anatulutsa foni n'kuyamba kujambula. Miracle anathamanga kukagwira Clara pamkono.

"Asisi, muno sapereka moni."

"Ndiye watiitanira kumaliro? Ngakhale kumaliro timapatsana moni."

Apo n'kuti Mayi Nadia atatuluka mu ofesi. Mayi Jennet atazindikira kuti eni nyumba ndi amenewa, anagwada, navundukula beseni. Mandasi, otentha, fungo lake linafika mpaka kumashelefu a kumapeto. Kwa eni sapita chimanjamanja. Mayi Nadia anapezeka atalandira beseni ndi manja awiri, osadziwa poliika, mafuta akuwala pafupi ndi mabuku awo. Ndipo mmodzi wa amayiwo, poona kuti mwambo watha bwino, anati, "Tiyeni tipemphere."

Amen asanamveke, ophunzira angapo anali atalongedza mabuku.

Mayi Nadia anaitanira Miracle mu ofesi. Sanakweze mawu.

"Ndi anthu ako?"

"Ndi anga, Mama. Ndinawaitana ndine."

"Ukufuna ndikauze akuluakulu kuti mipando inadzaza? Makina a pachipata amawerenga makadi, sawerenga maduku. Ndikanama, ntchito yanga yapsa. Mlonda uja yake yapsa kale theka. Ndipo anthu ochepa omwe ndinali nawo wawathamangitsa. Kwatsala ma Lamulungu awiri. Atulutse."

Miracle sanali munthu wolira pagulu. Manyazi anawameza ngati mankhwala a malungo, natulutsa alendo ake mmodzimmodzi. Mandasi ena anatuluka nawo m'mbale zina, beseni linatsala kwa Mayi Nadia. Amayiwo sanapite msanga. Anayala zitenje pansi pa mtengo kunja kwa chipata, nayamba kudya okha, Clara akufotokoza mmene mnyamata wa zomvera uja ananjenjemerera.

Miracle anaima pachipata akuganiza zoti apepese bwanji kwa Zuberi. Pomwepo panafika mtsikana wina wowonda, chikwama cha mabuku kumsana, khadi m'dzanja, dzanja linalo akukoka kamwana ka msinkhu wa Dalitso. Zuberi, amene tsopano ankaopa ngakhale mthunzi wake, anapukusa mutu.

"Sisi, ana salowa. Mukudziwa kale."

Mtsikanayo anayankha m'Chisuthu chosakaniza ndi Chizulu kuti wachokera ku Katlehong, matakisi angapo, kuti amene amamusungira mwana wapita kumaliro, kuti mwanayo ndi wofatsa. Zuberi anakanabe. Mtsikanayo anatembenuka kuti azipita.

"Iwe, bweretsa kuno mwanayo," anatero Mayi Jennet ali pansi pa mtengo, m'Chizulu chawo chothyokathyoka. Sanadikire yankho. Anatambasula dzanja lokhala ndi mandasi, kamwanako kanapita kokha. "Pita ukawerenge. Tili pano mpaka dzuwa lipendeke. Ukuopa kuti timudya? Takhuta kale."

Mtsikanayo anayang'ana maduku oyera aja, anayang'ana mwana wake ali pamiyendo ya mayi wachilendo akutafuna, kenako analowa chothamanga.

Miracle anayang'ana zonsezi mpaka chitseko chinatsekeka, natembenukira kwa Zuberi.

"Achimwene, otere mumabweza angati?"

"Lamulungu lililonse, achemwali. Ena amafika, ena anasiya kubwera atamva. Wofuna Lamulungu ndi wantchito, ndipo wantchito Lamulungu ndiye tsiku lomwe ali ndi mwana m'manja. Mwayi wanu inu muli ndi bambo kunyumba."

Miracle anabwerera mu ofesi osagogoda kawiri. Mayi Nadia anali akupukuta tebulo ndi kapepala.

"Mama, ndalakwa, ndipo sindibwerezanso. Koma anthu a makadi alipo. Akubwerera pachipata chifukwa cha ana."

"Ana sangalowe muno. Limenelo si lamulo langa."

"Sindikupempha kuti alowe. Tsidya la msewu tili ndi kalasi, ndipo amayi mwawaonawo kulera ndiye ntchito yawo ya sabata yonse. Amalera ana a mabwana ku Benoni ndi ku Kempton. Inu mungotumiza uthenga kwa ophunzira onse kuti wobwera ndi mwana asabwerere."

"Yunivesite singalonjeze zimenezo. Mwana akavulala, mlandu ndi wa ndani?"

"Musalonjeze. Mungonena kuti mpingo wa tsidya umasunga ana Lamulungu, ndi nambala yanga. Mlandu ndi wathu."

Mayi Nadia anavala magalasi.

"Ndipo sabweranso kudzapereka moni?"

"Moni azikaperekera tsidya."

Kukambirana ndi amayi kunali kovutirapo. Clara anati iye sabata yonse amapukuta mamina a ana a eni, ndiye Lamulungu lomwe apukutenso aulere? Miracle anati ayi, aulere palibe: mayi aliyense wosiya mwana azikhalanso ndi tsiku lake losunga a anzake, ngati chiperegani, ndipo azibwera ndi chakudya cha mwana wake. Amayi a mpingo angoyambitsa, ndi kuyang'anira.

"Nanga iwe mwini nkhani?" anafunsa Clara.

"Ine ndiyamba. Lamulungu likubwerali masana onse ndili ndi ana."

"Mayeso ali pakhomo, ukasiye buku?"

"Fodya ndi uyu ali pamphuno, asisi. Laibulale ikatsekedwa ndiye ndilisiya lonse."

Mayi Jennet anakalankhula ndi abusa, abusa anakalankhula ndi woyang'anira sukulu, amene anavomera malinga kalasi izisiyidwa yokolopa. Uthenga wa Mayi Nadia unatuluka Lachitatu. Foni ya Miracle inayamba kulira ali pamwamba pa makwerero akupukuta mawindo a madamu, ndipo sinasiye mpaka Loweruka. Mtsikana wa ku Katlehong uja, dzina lake Palesa, anauza anzake a m'kalasi mwake, iwonso anauza ena.

Lamulungu lotsatira Miracle anawerenga m'mawa wokha. Masana anali m'kalasi ya tsidya, mwana wina kumsana, wina akulira mayi ake m'Chitsonga, awiri akulimbirana galimoto yopanda matayala, Dalitso akuchita nsanje ndi onsewo. Clara, amene ananena kuti sabwera, anali pakona akuphunzitsa ana a Chizulu kuomba m'manja polandira chinthu. Podzera pawindo Miracle ankaona chipata cha laibulale. Amayi osiya ana ankatuluka m'kalasimo manja ali lende, n'kudumpha msewu mothamanga ngati atsikana a sukulu. Kunabweranso bambo wina, womanga nyumba, ndi mapasa.

Lamulungu lomaliza la mwezi Miracle anafika mochedwerapo chifukwa cha takisi, napeza mpando wake wa pawindo uli ndi munthu. Anazungulira chipinda chonse asanapeze pokhala, kumapeto, pafupi ndi chimbudzi. Anakhala pomwepo mosangalala. Masana Mayi Nadia anadutsa, naima pambali pake, osayang'ana mipando.

"Tipitiriza mpaka mayeso atha," anatero motsitsa mawu. "Chaka chamawa akuti aonanso. Ndawauza kuti akafuna kutseka abwere adzatseke okha, anthu ali momwemo."

"Zikomo, Mama."

"Ndipo uwauze amayi aja kuti zimene anabweretsa zija zinali zabwino. Koma azisiyira pachipata."

Mayeso analemba, ndipo zotsatira zitabwera pafoni anapeza kuti wakhoza. Sanakhoze mochititsa kaso, koma kukhoza ndi kukhoza.

Zinadya zambiri. Zuberi kampani yake ya ulonda inamuchotsa pachipata chija chifukwa cholowetsa anthu opanda makadi, n'kumutumiza ku fakitale ina kutali ndi kumene amakhala; Miracle ndi Edgar anakamupepesa ndi nkhuku yamoyo, iye analandira, koma ulendo wake wa kuntchito ndi wautali mpaka lero. Malo a Miracle m'kwaya anapatsidwa kwa wina. Madamu ankafuna munthu wothandiza alendo akabwera Lamulungu. Miracle atakana kangapo, ganyu imeneyo inapita kwa mtsikana wa nyumba yoyandikana, ndipo sinabwerenso. Dalitso anatengera chikuku kwa ana anzake, anagona sabata yathunthu, mayi ake akujomba kuntchito. Maso a Miracle anayamba kuchita chifunga, kuchipatala anamuuza kuti avale magalasi. Abusa mpaka pano amaponyera mawu m'ulaliki za anthu amene amatuluka mdalitso usanaperekedwe. Ndipo chiperegani sichitha chifukwa mmodzi wamaliza. Tsiku lake likakwana, Miracle amanyamula chidebe ndi chokolopera, n'kukakhala masana onse ndi ana a eni, amayi awo ali tsidya akuwerenga.